Kukhwatcha Apongozi

Lolemba, m'mawa

Kuzizira. Manachesi ali mbwee pabwalo, mphuno yatseka, ndipo ndapatsidwa ntchito imene palibe mkamwini anaipemphapo kwa Mulungu.

Uthenga wadzera mwa mkazi wanga Felista, monga mmene mauthenga onse a pakhomo pano amayendera. Mayi ake, apongozi anga, akulemba Chingerezi cha Fomu 4 Lolemba likudzali. Akuti popeza m'kanyumba kakuseri muli mphunzitsi wa Chingerezi amene amadya masamba a m'dimba mwawo, awathandizeko sabata ino.

Mphunzitsi wodya masambayo ndine.

Ndiilembe bwino nkhaniyi kuti ndidziwe kukula kwa katundu amene ndasenza. Amayiwa akhala akukolopa, kuphika tiyi ndi kunyamula mafayilo pa ofesi ina pa boma pano kuyambira Felista ali kumbuyo. Kalaliki wa pa ofesipo akupuma kumapeto kwa chaka chino. Abwana anawauza mosapsatira: mukabweretsa satifiketi, mpandowo ndi wanu, mukapanda kutero, abwera wina wochokera ku Blantyre. Maphunziro ena onse anakhoza kale ku sukulu ya masana ija ya akuluakulu. Ndi masamu omwe! Chatsala ndi Chingerezi, ndipo popanda Chingerezi satifiketi situluka. Chawagwetsa kale kangapo. Mpandowo sudikira chaka china.

Felista wandibweretsera kope lawo. Nthenda ndaiona pa tsamba loyamba lomwe. Chingerezi chili ndi njira ziwiri zolozera munthu mkati mwa chiganizo. Yaitali: the man who is selling tangerines. Yachidule: the man selling tangerines. Timawu tiwiri tija, who ndi is, tili ngati masilipasi: uvale onse awiri, kapena uvule onse awiri. Apongozi amavala imodzi. Ndipo kutsimphinako kwalowa paliponse, m'chimangirizo, m'kalata, m'chifupikitso momwe. Wochonga mayeso akangowerenga ndime imodzi mutu uyamba kumuwawa.

Koma si nthenda yoopsa. Ana a Fomu 2 ndimawachiza masiku awiri.

Dongosolo:
Lero, njira yaitali.
Mawa, njira yachidule.
Lachitatu, kuzisiyanitsa.
Lachinayi ndi Lachisanu, kubwereza.
Loweruka, mayeso oyeserera.
Lamulungu, kupuma ndi kuyamikidwa.

Lolemba, madzulo

Pokonza dongosolo lija ndinaiwala chinthu chimodzi. Wophunzirayo.

Tsiku la chinkhoswe akuluakulu anandikhazika pansi n'kundilangiza: apongozi suwayang'ana kumaso, sukhala nawo pa mkeka umodzi, ukakumana nawo panjira umapatuka, ndipo akaloza mwezi n'kunena kuti ndi dzuwa, iwe umati inde, lero latenthadi. Anzanga a ku Blantyre amaseka, amati zimenezo zinatha kalekale. Iwowo amakhala nyumba za lendi. Ine ndimakhala pa malo a amayiwa, ndipo zaka zonsezi nkhope yawo ndimaidziwa cha m'mbali mokha.

Ndiye kalasi ili motere. Iwo pakhonde la nyumba yawo, pa mkeka, ayang'ana kumsewu. Ine pansi pa mtengo wa nachesi, pa kampando, ndayang'ana ku khola la nkhuku. Pakati pathu pali bwalo lonse ndi chingwe cha zovala. Kabolodi ndakatsamiritsa pa diramu ya madzi, pomwe tonse sitikukaona bwino. Thiraki iliyonse yopita ku malire ikumeza theka la chiganizo.

Ndafotokoza za masilipasi. Nkhuku zamvetsera mwachidwi. Kenako ndawapempha kuti apange chiganizo chawo.

Kuchokera pakhonde, mawu amphamvu, osagwedera: "The woman who carrying firewood is tired."

Kusukulu ana amanditchula a Khwatchani. Mwana asanamalize n'komwe chiganizo chopunduka, pakamwa panga pamakhala patatuluka kale: Wrong! Next! Sindichita kuganiza, zimangotuluka ngati chikhosomolo. Lero ndazimva zikukwera pakhosi, ndazimeza, ndipo chotuluka n'chakuti, "Mwayesetsa, amayi."

Chachiwiri, cholakwika chimodzimodzi. Ndati ayandikira kwambiri.

Chachitatu, cholakwika kuposa zonse. Ndawomba m'manja.

Ndawomba m'manja! Ine!

Lachiwiri

Nzeru yatsopano. Ngati pakamwa panga sipangathe kunena kuti apongozi alakwitsa, pa mwana wawo pangathe. Felista akhala mlatho. Wavomera monyinyirika, akusenda mbatata.

Chiganizo choyamba chafika, chotsimphina ngati dzulo. Ndamunong'oneza Felista momveka bwino: ukawauze kuti n'cholakwika, akatenga who atengenso is. Wadzuka, wadutsa pansi pa chingwe cha zovala, wagwada pakhonde. Thiraki palibe, ndiye ndamva zonse.

"Akuti zili bwino ndithu, kungoti muwazeko ka is."

Muwazeko. Ngati mchere.

Ndipo awazadi. Amayiwa si aulesi, ukawauza chinthu amachita ndi mtima wonse. Tsopano is ali paliponse. The woman is carrying firewood is tired. The goat is which is eating is mine. Dzulo tinali ndi silipasi imodzi, lero tili ndi atatu pa mapazi awiri.

Ndamutumanso Felista: ukanene kuti ayi, ayi, si choncho. Wakafika n'kunena kuti akuti kachulukako pang'ono, koma mkono ulipo.

Ulendo wachitatu wakana kudzuka. Wati iye si minibasi.

Pa chakudya chamadzulo ndamufunsa chifukwa chimene amasungunulira mawu anga panjira. Wandiyang'ana mwachisoni. "Inu mumawaopa chifukwa cha mwambo. Ine ndimawaopa chifukwa ndimawadziwa." Kenako watula pansi udindo. Akuti mawa kukubwera mavenda a ku Blantyre odzagula manachesi, ndipo manachesi samutuma kukakalipira mayi ake.

Kope lawo labwera kuti ndichonge ntchito ya lero. Ndatsegula cholembera chofiira, ndachitsekanso. Dzanja likukana kujambula mtanda pa zolemba za munthu amene anandipatsa mkazi ndi malo omangapo nyumba. Ndatenga pensulo, ndipo pa chiganizo cholakwika chilichonse ndaika kadontho kakang'ono. Munthu wanzeru amva.

Tsamba lonse likuoneka ngati lagwidwa chikuku.

Zatsala: njira yaitali, njira yachidule, kuzisiyanitsa. Ndiye kuti zonse.

Lachitatu

Ndadzuka ndi khosi lolimba. Masiku awiri ndikuphunzitsa nditapotokera ku khola.

Lero ndiyesa kuphiphiritsa, monga amachitira amayi ku mjigo, kukalipira nkhuku pomwe akunena mnzawo. Ndayamba ngati nkhani wamba. Ndati kusukulu kwathu kuli mwana wina, wanzeru ndithu, wakhama, koma ali ndi vuto limodzi. Amalemba who n'kusiya is. Ukamuuza, amathira is paliponse. Ndawerenga ziganizo za mwanayo mokweza. Ndi za m'kope la apongozi, ndangosintha nkhuni kukhala makala. Ndafotokoza bwinobwino polakwika, ndakonza, ndabwereza. Kunena zoona ndi phunziro labwino kwambiri lomwe ndaphunzitsapo chaka chino.

Pakhonde pakhala chete. Mtima wanga wadumpha. Zalowa!

Kenako: "Ana a masiku ano. Makolo ake ndani?"

Ndati sindikuwadziwa bwino. Afunsa mudzi. Ndangotchula za kwa Nthache, poti ndi kutali. Kulakwitsa kwake! Kwa Nthache amadziwa aliyense, ndi mbuzi zomwe. Afunsa ngati mwanayo ndi wamkazi, ndati eya. Wamtali? Eya. Woyera pang'ono? Pofika apa ndikungovomera chilichonse. Amaliza okha kuti ndi mdzukulu wa mayi wina amene anakangana naye pa maliro zaka zapitazo, ndipo akuti sakudabwa, banja limenelo liuma linayambira kwa agogo.

Ndiye lero ndaipitsa mbiri ya mwana wosalakwa amene sindinamuonepo.

Nthawi yotsalayo andilangiza kaphunzitsidwe. Akuti mwana wotero osamunyengerera. Ndimukhwatche mpaka aphunzire, chifukwa kumusekerera n'kumupha, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Akuti aphunzitsi ena amaopa makolo, koma iwo akudziwa kuti ine si wotero, mbiri yanga anaimva.

Ine ndikungoyang'ana tambala.

Mdima wagwa msanga, monga umachitira mwezi uno. Asanalowe m'nyumba apanga chiganizo chimodzi chotsanzikira, kuti ndione kuti iwo sali ngati mwana wa kwa Nthache uja. The girl who failing English is lazy.

Ndati, "Zikomo, amayi. Mugone bwino."

Ndatopa. Kuphunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi yopanda mawindo sikutopetsa ngati kuphunzitsa munthu mmodzi amene sungamuuze zoona.

Lachinayi

Foni! Bwanji sindinaganize kale? Pa foni palibe nkhope, palibe mkeka, palibe njira yopatukira. Akuluakulu a pa chinkhoswe sananenepo kanthu za foni.

Ndatumiza uthenga nthawi yopuma kusukulu: amayi, lembani ziganizo, nditumizireni pompano. Zafika, chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, poti amalemba ndi chala chimodzi. Zonse zodwala.

Ndalemba Wrong. Ndaliyang'ana. Pamwamba pake pali chithunzi chawo, atavala duku la kumpingo, akundiyang'ana m'maso momwe sanandiyang'anirepo. Ndafufuta. Ndalemba kuti mwina tikanaonjezera kanthu kena. Ndafufuta. Pomaliza ndangotumiza chiganizo chokonzedwa bwino, popanda ndemanga, ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Yankho: "Eya, tagwirizana. Ndi momwe ndalemberamo."

Bandulo yathera pomwepo. Mulungu amadziwa pothera mphamvu za munthu.

Madzulo kulibe phunziro. Felista akuti amayi achedwa ku ofesi, anali ndi chisangalalo pang'ono. Chisangalalo chanji? Akuti anatenga kope lija n'kukaonetsa anzawo. Masiku atatu, popanda mtanda ngakhale umodzi, wochonga wake a Khwatchani enieni. Timadontho tija awauza kuti ndi machongedwe a munthu waulemu, amene safuna kudzionetsera pa kope la apongozi ake. Kope lafika mpaka kwa abwana. Abwana akuti ndiye tiyambe kupukuta mpando.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mkuyuwo ndaupenta ndine.

Sizinathere pomwepo. Felista walowa ndi mbale yovindikira. Tambala wofiira uja, amene wakhala akumvetsera maphunziro anga kuyambira Lolemba, waphedwa. Akuti ndi wa aphunzitsi. Chibwerereni pakhomo pano sindinapheredwepo nkhuku, ngakhale tsiku limene mwana wathu anabadwa.

Ndati sindingadye. Felista wati kubweza nkhuku ya apongozi ndi mlandu woposa kuwakhwatcha.

Ndadya. Ntchafu, chiwindi, nthutumba. Inali yokoma kwambiri, ndipo chimenechi ndiye chikundiwawa.

Zimene ndaphunzitsa sabata ino:
Nkhuku, njira zonse ziwiri. Imodzi yamwalira.
Felista, kuti asadzavomerenso kukhala mlatho.
Apongozi, kuti akudziwa kale zonse.

Lachisanu

Kwatsala masiku awiri ndipo mantha andigwira zenizeni. Amayiwa akalowa m'mayeso muja ali chimwemwe, akalemba masamba odzadza, n'kugwa. Zotsatira zikadzatuluka, mpando udzapita kwa mnyamata wa ku Blantyre, iwo adzapitiriza kukolopa pansi pake, ndipo aliyense adzakumbukira amene ankachonga kope.

Mwambo womwewu uli ndi khomo lake. Mkamwini akakhala ndi mawu olemera kwa apongozi, amadzera kwa ankhoswe. Ndiye masana ndakwera kabaza mpaka ku malire kukasaka a Zuze, mlongo wawo wa apongozi, nkhoswe ya kuchikazi. Ntchito yawo ndi kuthamangitsa mapepala a madalaivala a mathiraki. Ndawapeza pa mthunzi wa thiraki ya mafuta, akudya chipisi, mafoni awiri m'manja.

Ndafotokoza zonse, ndi masilipasi omwe. Amvetsa bwino lomwe. Apukuta pakamwa n'kunena kuti nkhani yodandaula apongozi siyendera nkhoswe imodzi, pafunika ndi ya kuchimuna. Yanga ili ku Thyolo, ikuthyola tiyi, ndipo foni yake imagwira ikakwera pa chulu. Ndati mayeso ndi Lolemba. Ati mwambo sudziwa Lolemba. Komabe, poti ndine mwana wabwino, abwera madzulo adzaone ndi maso awo.

Abweradi. Atenga mpando wabwino wa m'nyumba, aukhazika pakati penipeni pa bwalo, pansi pa chingwe cha zovala, ngati woweruza mpira.

Apongozi: "The driver who waiting at the border is angry."

Ine ndatsegula pakamwa. A Zuze andipitirira: "Nada, palibe vuto. Mzungu angamve."

Ndayesa kunena kuti wochonga mayeso safuna kungomva. Ati iwo alankhula ndi madalaivala a ku Zimbabwe, a ku Joni, a ku Beira, zaka ndi zaka, opanda who, opanda which, ndipo palibe thiraki inagonapo pa malire chifukwa cha zimenezo. Apongozi aseka. Aka n'koyamba kuwamva akuseka ine ndili pafupi.

Ndabwerera ku chitsanzo changa chakale, the man selling tangerines is my uncle. A Zuze afuna kudziwa kuti malume ameneyu ndani, chifukwa malume pakhomo pano ndi iwo, ndipo sanagulitsepo manachesi a munthu. Ndati ndi chitsanzo chabe. Ati zitsanzo zina zimanyoza. Tasintha malume kukhala neba. Apongozi ati neba wake uti, poti wa kumtundayu amaba manachesi, sagulitsa ake.

Mdima.

Powaperekeza, a Zuze andigwira paphewa. "Mkamwini asamakule mwendo, aphunzitsi. Musiyeni mlongo wanga alowe m'mayeso ndi mtima woyera." Akwera njinga yamoto ndi thumba la manachesi kumbuyo.

Ndalipira kabaza kupita ndi kubwera kuti ndikadzitengere mdani wachiwiri.

Loweruka, m'mawa

Mayeso oyeserera, malinga ndi dongosolo. Chinthu chokhacho pa dongosolo lija chimene chachitika pa tsiku lake.

Iwo m'nyumba mwawo, pa tebulo. Ine woyang'anira mayeso, kunja, chifukwa m'nyumbamo sindilowa. Ndayang'anira khoma. Khoma silinabere.

Ndachongera pa kapepala kena, kuti pepala lawo lisadetsedwe. Zokhoza ndaziwerenga ndi zala za dzanja limodzi, chala chachikulu chili pa tchuthi. Chimangirizo chili ndi nzeru zambiri, za mvula ndi mitengo ya feteleza, koma chiganizo chilichonse chikukoka mwendo.

Ndamuonetsa Felista. Wakhala pa bedi nthawi yaitali. Kenako wati tsopano nthawi yatha, kuwauza lero n'kungowathyola mtima, bola akalowe ali olimba, mwina Mulungu achita zake. Ndati Mulungu sachonga mayeso a Fomu 4. Wati ndiye pitani mukawauze nokha.

Ndafika pa chingwe cha zovala. Ndabwerera.

Loweruka, madzulo

Ndilembe momwe zachitikira.

Masana kwabwera amayi a kumpingo kudzawapempherera apongozi. Bwalo lonse loyera ndi maduku. Ine monga mwa malamulo ndili m'nyumba, pa tebulo la pawindo, ndikuchonga makope a Fomu 2. Mulu wautali, mutu ukuwawa, tulo tikundigwira. Ndikukhwatcha, ndikukhwatcha, dzanja likubwezera njala ya sabata yonse.

Kunja ayimba, apemphera, ayimbanso. Kenako mayi wina wati, tatilankhulireniko Chizungucho timve, akalaliki athu. Nthungululu. Apongozi ayimirira, akonza pakhosi, ndipo mawu awo amphamvu aja alowa pawindo:

"The women who praying for me are my sisters."

Sindinaganize. Ndikulumbira sindinaganize. Maso anali pa kope la mwana wa Fomu 2, khutu linamva chiganizo chopunduka, ndipo pakamwa panachita zimene pamachita tsiku ndi tsiku, ndi mawu ofika ku benchi yakumbuyo:

"Wrong! Next!"

Zii.

Msewu umene umasokosa usana wonse, nthawi imeneyo unalibe thiraki ngakhale imodzi. Mayi wina, posowa chonena, wati ameni.

Ndatseka katani pang'onopang'ono, ngati zingathandize. Ndamva amayi aja akutsanzika m'modzim'modzi, motsitsa mawu, ngati pa siwa. Chitseko cha apongozi chatsekedwa. Felista walowa, waima pakhomo, wandiyang'ana, watulukanso. Bola akanandikalipira.

Zolowa m'chikwama chimodzi:
Malaya atatu.
Dikishonale.
Nsapato za kuntchito.
Bedi ndi la eni, nyumba ili pa malo a eni, ndipo ndikaganiza bwino, mwana nayenso ndi wa eni.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndati ndi chimfine, ndipo mwamwayi chimfinecho chilipodi. Felista wabwerako n'kundiuza kuti nkhani yafika kale mpaka ku kwaya ya achinyamata.

Masana kwamveka kugogoda. Ndimayesa a Zuze abwera ndi chigamulo.

"Odi, aphunzitsi. Tulukani ndi cholembera chanu cha kusukulu."

Apongozi. Pakhomo panga, pamene sanaimepo chimangireni nyumbayi. Akadali m'zovala za kutchalitchi, kope lili m'manja. Akhala pa benchi ya pakhonde langa n'kundilozera pambali pawo. Ndakhala kumapeto kwenikweni, thako limodzi lili m'malere. Ati ndisunthire pafupi, kope silitalika.

"Dzulo mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Zimenezo tidzakamba ndi a Zuze. Lero ndikufuna ndidziwe chinthu chimodzi. Cholakwika chinali chiganizo chokhacho?"

Ndati ayi.

"Ndiye chongani ngati ndine mwana wa eni ake."

Ndachonga. Kuyambira tsamba loyamba. Kadontho kalikonse kasanduka mtanda wofiira, iwo akutsatira dzanja langa ndi maso, osaphethira. Aka n'koyamba kuwaona nkhope yonse, osati pa foni. Maso ndi a Felista enieni. Magalasi awo owerengera ndi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

Titafika tsamba lomaliza afunsa kuti zinayamba liti. Ndati Lolemba.

"Munkawomba m'manja."

"Unali ulemu, amayi."

"Ulemu." Alibwereza liwulo pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo zogona.

Sanakweze mawu. Andiuza kuti ulendo uliwonse umene anagwa, kapepala ka zotsatira kankangonena kuti mwalephera, osanena polephera pake. Ku sukulu ya masana mphunzitsi ndi mwana wa mnzawo, amawatchula amayi, sawatsutsa. Ku ofesi aliyense amati Chizungu chawo chili bwino, poti amafuna tiyi. Sabata ino, akuti, anagona tulo tabwino koyamba, chifukwa munthu wodziwa, wodziwika ndi nkhanza, anayang'ana kope lawo n'kupeza kuti mulibe cholakwa.

Ndikanakonda akananditukwana. Chisoni chandigwira, ndipo manyazi a dzulo aja ndaona kuti anali aang'ono.

"Mawa ndikhoza?"

Pakamwa panga pakonzeka kale ndi Mulungu ndi wamkulu, amayi. Ndameza.

"Sindikuona, amayi. Mwina mwa mwayi. Koma ine sindikuona."

Thiraki yadutsa yonse, ndi ngolo yake. Avula magalasi, awapukuta ndi nsonga ya chitenje, awavalanso. Ati chabwino, dzuwa likadalipo, tiyambe.

Ndiye phunziro la Lolemba lachitika Lamulungu. Ndafotokoza, alemba, ndati wrong. Alembanso, wrong. Sanakwiye, sanapume, angoti bwerezani pamenepo. Akumva msanga amayiwa. Akanakhala ndi sabata yathunthu bwenzi tikunena zina. Anali nayo.

Dzuwa litatsamira kumapiri a ku Zobue, alemba chiganizo china mwakachetechete n'kundikankhira kope.

The woman sitting beside my son-in-law is tired.

Ndawerenga kawiri. Palibe chotsimphina. Ndachonga, chonga wamkulu wofiira, woyamba m'kope lonselo.

Amuyang'ana chongayo nthawi yaitali.

"Ameneyu ndi woona, kapena ndi ulemu?"

Ndati ndi woona. Ndabwereza. Ndalumbira, ndawaonetsa m'buku lamulo lake, ndi chala.

Agwedeza mutu mwaulemu, ati zikomo aphunzitsi, mwayesetsa. Atseka kope lawo n'kuwoloka bwalo kukasita zovala za mawa.